Musakwirire Mutu wa Mbuzi

London
16 Sepitembala 1979

Baba anga, Mhofu,

Ndagwada, ndikuwomba m'manja ndili kutali kuno. Mwadzuka bwanji inu ndi Amai m'kipimo, m'mudzi wa mpanda wa waya umene boma linakutsekeranimo? Nanga Maiguru, akazi a achimwene, ndi kamwana kawo Kudzai? Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Miyendo yokha ndiyo ikudandaula, poti unamwino wa kuno ndi woimirira tsiku lonse ngati kakowa m'dambo.

Kalata yanu ndinailandira Lachitatu. Ndinaiwerenga chiimire m'khonde la chipatala, ndipo nditafika pamene mwalemba za mutu wa mbuzi ndinangokhala pansi pomwepo, pasimenti. Sithembile, mnzanga wa ku Bulawayo amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Iwe dzuka, utiyalutsa. Azunguwa aziti kwathu kulibe mipando."

Baba, ndamva zonse. Ndamva kuti zakwana zaka zitatu chichokereni achimwene a Munetsi kulowa kutchire osatsanzika, kalata ayi, wowaona ayi. Ndamva kuti Kudzai akutupa miyendo ndipo waula wanena kuti ndi mzimu wa bambo ake ukufuna nyumba. Ndamvanso kuti bambo aakulu, a Chakanetsa, akuti basi tikwirire mutu wa mbuzi pamodzi ndi malaya a achimwene monga timachitira munthu akafera kutali, tilire maliro, zithe. Mwambo sindikuutsutsa, ndine ndani ine. Ndikungopempha chinthu chimodzi: dikirani pang'ono.

Chifukwa chake nachi. Lolemba lapitali zokambirana zayamba kuno, m'chinyumba chotchedwa Lancaster House. Onse alimo, Angerezi, a boma la ku Salisbury, ndi atsogoleri a anyamata a kutchire. Anthu amene akhala akusakana ndi mfuti, Baba, ali m'chipinda chimodzi pamipando yofewa. Lachisanu sindinali pantchito, ndiye ine ndi Sithembile tinakaima panja ndi anzathu akumudzi, tikuimba mpaka mawu kusasa. Zikayenda bwino nkhondo iima, anyamata atuluka m'tchire, tidziwa zoona. Ngati anafadi, mbuziyo ndidzagula ndine. Koma tikaika munthu wamoyo, akadzatulukira tidzamuyang'ana ndi maso ati?

Ndatumiza mapaundi khumi ndi asanu kudzera kwa asisitere a ku mishoni, omwenso akubweretserani kalatayi, n'chifukwa chake ndikulankhula mosabisa kwambiri. Mugule mkaka waufa. Kudzai azidya phala la nsinjiro kawiri patsiku, ndi dzira likapezeka. Kutupa kumeneko ndikukudziwa, tinakuphunzira m'kalasi. Ndi njala ya kumpanda wa wayako, poti minda anakutalikitsani nayo. Waula musamuuze kuti ndatero.

Zikomo pondiuza musanachite. Abambo ena akanangochita.

Mwana wanu,
Muchaneta


London
14 Okutobala 1979

Baba, Mhofu,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino, ndi Amai chifuwa chija chatsika. Kuno kwayamba kuzizira kwa mtundu wina, kolowa m'mano. Ndagula chijasi chakaunjika pa mapaundi asanu ndi limodzi, chachikulu moti Sithembile akuti ndikamayenda chimayamba kufika ndi chijasi, ine pambuyo.

Ndili ndi nkhani, musadumphe mzere.

Mu wodi yathu mwagonekedwa munthu wa kwathu. Dzina lake Gwinyai, mlembi wa nthumwi za anyamata a kutchire ku zokambiranazi. Ali ndi kachitsulo m'ntchafu kamene wayenda nako zaka ziwiri, kuzizira kwa kuno kwakadzutsa. Tsiku loyamba nditamubaya jakisoni anati, "Sisi, chiwongo chanu ndani?"

Ndinati, "Mhofu."

"Ndinadziwa. Kabayidwe kameneka n'ka Chihera. Amayi anandichenjeza kuti a Chihera, ana aakazi a kwa Mhofu, ukawaona uzithawa."

"Thawanitu tione, ndi mwendo umenewo."

Anaseka mpaka bedi kugwedera. Mawa lake ndinamubweretsera chithunzi cha achimwene, chija anajambulitsa ku Mutoko atatsamira njinga. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati sakuwadziwa. Ndinafuna kulira, koma iye anati, "Imani kaye. Anthu tilipo zikwizikwi. Komanso dzina la Munetsi limenelo analisiya powoloka malire. Kutchire aliyense amatenga dzina latsopano, kuti akagwidwa makolo ake asazunzidwe. Mukafunsa Munetsi, ngakhale amene amadya naye mbale imodzi akuuzani kuti kulibe. Kalata ndiye n'zoletsedwa. Ineyo amayi anga mwina anandilira kalekale."

Mwamva, Baba? Kukhala chete kwawo si imfa, ndi lamulo. Muwawerengere bambo aakulu ndime imeneyi kawiri.

Za zokambirana sindikunamizani, sabata ino zavuta. Akangana pa za nthaka. Angerezi akuti mafamu a azungu asalandidwe, agulidwe. Athu akuti tigule bwanji munda umene anautenga osalipira? Nyuzipepala zikuti atsogoleri athu akhoza kulongedza masutikesi. Ine chakudya chinandikanika masiku awiri. Gwinyai anandiona nkhope n'kuti, "Chihera, simunaonepo zokambirana za malowolo? Munthu amatola ndodo yake n'kuti ine ndapita, koma amayenda pang'onopang'ono kuti amuitane asanafike pachipata." Kaya amangonditonthoza, kaya. Ine ndagwira pomwepo.

Pali zina za pa wodi, za agogo ena achizungu amene safuna dzanja langa liwakhudze, koma zimenezo tidzakamba pamaso. Ambiri ndi abwino.

Mwalemba kuti bambo aakulu akufuna zichitike mwezi uno usanathe. Sindikudziwa mungawaletse bwanji, ndi akulu anu. Ndikungogwada.

Muchaneta


London
11 Novembala 1979

Baba anga, Mhofu yanga,

Muli bwanji? Ine ndili bwino kwambiri, kuposa masiku onse chibwerereni kuno, ndipo chifukwa chake ndinu.

Kalata yanu ndaiwerenga kanayi ndikuseka ndekha ngati wamisala. Mwalemba mwaulemu, ngati palibe chimene mwachita. Akuti munavomera zonse, koma munangoti maliro a mwana sangachitike amalume ake palibe, apo ayi Amai ndi abale awo adzatiimba mlandu. Zoona, ndani angatsutse? Ndiye pa anthu onse a m'kipimo, amene munawatuma kukaitana amalume kutsidya la mtsinje wa Nyadire ndi a Marufu. A Marufu, Baba. Munthu woti akamapita kuchigayo amatsanzika ngati akupita ku Joni, ndipo mudzi uliwonse wa m'njira ali ndi chibale chofunika kuchilonjera. Pofika nawo amalume, mwezi wa Novembala unali utaoneka kale, mwezi woti makolo akupuma, sitiphika mowa, sitikwatitsa, sitichita mwambo uliwonse. Bambo aakulu akuti munachita dala. Ine sindinena kanthu.

Ndinamufotokozera Gwinyai tsiku lomwe amatuluka m'chipatala. Anagwira pamimba n'kuti, "Bambo anuwo tiwatumizire tikiti ya ndege. M'nyumba muja muli maloya khumi ndi awiri, koma palibe amene akudziwa kugula mwezi wathunthu ndi nkhalamba imodzi."

Za nthaka zija zinadutsa. Akuti mayiko ena alonjeza kudzathandiza ndi ndalama zogulira mafamuwo. Sithembile akuti lonjezo la wolemera uzilimva ndi khutu limodzi. Tsopano akukangana za amene alamulire dziko mpaka tsiku la voti, ndi kutalika kwa nthawiyo. Angerezi akuti miyezi iwiri, athu akuti isanu ndi umodzi. Ine ndikaima panja paja ndimangoyang'ana nkhope zawo akamalowa m'magalimoto. Wina akamwetulira ndimati zatheka. Mawa lake yemweyo watulutsa mlomo. Ndasanduka waula nanenso.

Ndikudziwa kuti mwezi umenewu simunaupeze ulere. Ndamva kuti bambo aakulu sakukulonjerani, ndipo Amai ali pakati. Zimene mwangokhudza pang'ono za alonda a pageti ndi Maiguru, ndazimvetsa. Asamapite okha kukatunga madzi, azidikira amayi ena.

Mvula ikagwa bzalani ngakhale kamunda kapafupi kaja. Ndaikamo mapaundi khumi. Mkaka wa Kudzai usathe, chonde, ngakhale shuga asowe.

Zikomo, Mhofu. Zikomo kwambiri.

Muchaneta


London
9 Disembala 1979

Baba,

Moni kwa nonse. Ine thupi lili bwino.

Ndalandira kalata yanu ndipo tsiku lokwirira mutu wa mbuzi ndaliona: Loweruka pa 22. Ndaonanso kuti Kudzai anagonekedwa ku mishoni masiku anayi, ndi kuti tsopano amene akupempha kuti zichitike ndi Amai eni ake. Mayi akafika poti ikani mwana wanga, ndiye kuti watopa kuposa tonse.

Lachitatu lapitali anagwirizana kuti nkhondo iime. Tinavina m'khichini ya hositelo. Koma kusaina sanasaine. Chatsala ndi malo amene anyamata akasonkhane akatuluka m'tchire, angati, ndipo ali kuti. Lachisanu ndinamudikira Gwinyai panja pa chinyumba chija maola awiri. Atatuluka ndi ndodo yake ndinamulankhula mwachipongwe, ndikuvomera. Ndinati, "Kodi musaina liti? Mukulimbana ndi mapu inu, kwathu akufuna kuika munthu."

Sanaseke ulendo uno. Anati, "Sisi, tikavomera malo olakwika, anyamata akasonkhana pamodzi n'kuzingidwa ngati nsomba m'dziwe lophwa, simuika mmodzi ayi. Muika zikwi, ndi achimwene anuwo momwemo. Tisiyeni tilimbane ndi mapu."

Ndinachita manyazi. Ndinamupepesa, iye n'kundigulira mbatata yootcha pamsewu, akuti ndisamafere pamaso pa apolisi a Mfumukazi.

Baba, a Marufu ena mulibe, ndikudziwa. Sindikupemphani kuti muyambane ndi mtundu wonse. Koma akasaina lisanafike tsikulo nditumiza telegalamu ku mishoni. Muwapemphe asisitere kuti ikangofika akutumizireni munthu wa miyendo. Ikafika, muime pakati pa bwalo muwawerengere. Sabata ziwiri zokha pambuyo pake, tidziwa.

Ndikupemphera m'mawa uliwonse, m'basi.

Muchaneta


London
21 Disembala 1979

Baba, Amai, Maiguru, nonse,

Asaina. Asaina lero masana. Moni ndapereka pambuyo, mundikhululukire. Muli bwanji?

Ndinamvera pa wailesi ya wodwala wina ndikugawa mankhwala. Sithembile anali m'chipinda chotsukira mabeseni, ndinamupeza akuvina ndi beseni m'manja, misozi ili chuchuchu. Nthawi ya nkhomaliro ndinathamanga ku positi ofesi opanda chijasi. Telegalamu ndatumiza, mawu awiri okha: ASAINA MUSAKWIRIRE. Bambo wa pa kauntala anafunsa ngati ndi uthenga wa Khirisimasi. Ndinati inde.

Mfuti zisiya kulira pa 28, ndipo anyamata apatsidwa sabata imodzi kuti afike m'malo osonkhanira. Mawa ndi Loweruka lija. Telegalamu imathamanga kuposa ndege, anatero bamboyo. Ifika. Iyenera kufika.

Mulungu adalitse aliyense amene anakhala m'chipinda chija miyezi itatu osamenya chitseko, ngakhale amene sindiwakonda.

Muchaneta


London
13 Januwale 1980

Baba anga, Mhofu,

Ndikuwomba m'manja. Mwalowa bwanji chaka chatsopano? Ine ndalowa bwino. Kunagwa chisanu choyera chija, ndinachigwira, n'chonyowa basi.

Ndamva. Telegalamu inafika ku mishoni Loweruka lomwelo m'mawa, koma msewu unali wotsekedwa ndipo palibe amene akanayenda, mpaka inakupezani pa 27. Pamenepo n'kuti zonse zitachitika.

Sindikubisirani, tsiku limene ndinawerenga ndinapempha kuchoka pantchito msanga. Ndinakwiya. Ndinakwiyira msewu, ndinakwiyira mapu aja, masiku asanu okha. Koma inu ayi. Mwalemba kuti, "Ndakulephera, mwana wanga." Musalembenso mawu amenewo. Munaima nokha miyezi itatu, akulu anu mbali iyi, akazi anu mbali iyo, mdzukulu akutupa pamaso panu. Ine ndimangolemba makalata ndili pafupi ndi chitofu.

Maiguru akuti anakana kumeta ndi kuvala zakuda, anati ameta akaona fupa. Musawakakamize, ndipo muwateteze kwa azakhali. Nkhani yoti adzalowedwe chokolo isayambike n'komwe.

Ndakondwa kuti Kudzai wayamba kuthamanga. Bambo aakulu akuti ndi mbuzi yagwira ntchito. Ine ndikuti ndi zitini zinayi za mkaka. Tisakangane, mwana wachira. Koma phala lisaleke.

Tsopano mverani. Gwinyai wabwerera kumudzi ndi anzake. Asananyamuke anandiuza kuti anyamata ambiri a chigawo chathu asonkhana ku Dendera. Akuti abale akumapita kukayang'ana ana awo, ndipo sakubwezedwa. Maiguru apite, ndaika ndalama ya basi ndi ya kamba. Atenge chithunzi china chija chili m'Baibulo la Amai. Asakafunse dzina, akayang'ane nkhope, ndi khutu lakumanzere lija linang'ambika ndi nyanga ya ng'ombe. Akaona magalimoto a mtanda woyera asaope, amenewo ndi asilikali a mayiko ena oyang'anira kuti mbali zonse zisunge pangano.

Mwina mukuti zatha kale, apitirenji. Baba, dothi lakwirira mbuzi. Za achimwene sitinadziwebe.

Mwana wanu,
Muchaneta


London
10 Febuluwale 1980

Mhofu, Baba anga okondedwa,

Muli bwanji? Musayankhe, ndikudziwa. Maiguru andilembera masamba asanu ndi limodzi, pensulo mpaka kubooleza pepala. Ine ndili bwino moti dzulo ndinapatsa moni wapolisi, kondakitala, ndi galu wa munthu.

Ali moyo. Ndikulemba kuti ndizione ndi maso anga papepala. Achimwene a Munetsi ali moyo.

Inu nkhaniyi mwaimva kale pakamwa pa Maiguru, koma akuti munangomva chiyambi n'kutuluka panja, ndipo kuyambira tsiku limenelo mukungokhala kuseri kwa nyumba, chakudya mukubweza. Ndiye ndikuuzani ine mbali imene simunaimve, poti kalata simungaithawe.

Akuti anayenda masiku awiri pakati pa anthu zikwi, akusuzumira makutu a amuna a eni mpaka ena kumawaseka kuti, "Mayi, mukugula ng'ombe kodi?" Tsiku lachitatu anawapeza pamzere wolandira nyama. Owonda, ndevu mpaka pachifuwa, dzanja lamanzere latsala zala zitatu. Anayang'anana. Woyamba kulankhula anali achimwene, akuti, "Mwana anabadwa wamwamuna kapena wamkazi?"

Atakhala pansi pa mtengo, Maiguru anawauza za pa 22. Sanabise. Achimwene anafunsa kuti, "Kunabwera anthu ambiri?"

"Kipi yonse."

"Analira kwambiri ndani?"

"Bambo aakulu."

Akuti anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana anzawo kuti, "Bwerani muone munthu amene ali ndi manda akeake, inu mukugona pamtunda." Koma atatha kuseka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Baba anaponya dothi?" Maiguru anati inde, anaponya, koma anali omaliza, ndipo anachita kugwiridwa dzanja. Anawauzanso za amalume, za a Marufu, za Novembala yense uja. Achimwene anaphimba nkhope ndi chipewa nthawi yaitali. Atachotsa anati, "Ine ndinachoka osawatsanzika, iwo andidikira zaka zitatu ndi miyezi itatu. Wolakwa ndani pamenepa? Kawauzeni abwere. Ine sindingachoke kuno mpaka voti itadutsa, ndi pangano, ndipo sindikufuna kuti woyamba kuliphwanya akhale ine."

Mwamva, Baba? Akukuitanani. Manyazi amene mwakhala nawo kuseri kwa nyumbawo palibe amene wakutumani.

Mutenge Amai ndi Kudzai, mwanayo akaone bambo ake. Mutenge fodya, sopo, ndi nsapato nambala 9, akuti zawo zinatha. Bambo aakulu akafuna kupita nawo muwalole, nawonso ankafuna kuti mwana achire. Ine mayeso anga ndi a mu Juni, ndikangolemba ndikwera ndege, ndipo ndikhulupirira pofika nthawi imeneyo waya uja mudzakhala mutamangira khola.

Za mandawo akulu adziwa chochita, ine za mwambo sindiphunzitsa Mhofu. Changa n'chimodzi. Tsiku lija munagwada, munawomba m'manja, munauza makolo kuti landirani mwana wanu, wafika. Anthuwo akhala akudikira pakhomo sabata zisanu ndi ziwiri tsopano. Musanakwere basi kagwadeninso, muwauze kuti pepani, tinafulumira, mwanayo sabwera msanga. Akadali ndi munda woti alime kuno.

Ine mwana wanu,
Muchaneta